Katumbu Wosadziwa Kusambira

Aphungu,

Dzina langa musalilembe lonse, chonde, chifukwa abwana athu tsamba lanuli saliphonya. Ndikudziwa kuti akangofika pa nkhani ya mano adziwiratu kuti ndine, koma nanga nditani, mutu wanga waima.

Ndimagwira ntchito pa hotela ina, yosamalira dziwe losambiramo alendo. M'mawa ndimavuula masamba ndi ukonde wa mpini wautali, ndimakwecha matailosi a m'mbali, ndimathira mankhwala, ndimayang'ana pampu, kenako ndimayala mataulo pa mipando. Dziwe limenelo ndimalidziwa kuposa nkhope ya mkazi wanga. Ndimadziwa tailosi yomwe imaterera, ndimadziwanso ngodya imene achule amachitirapo msonkhano mvula ikagwa. Chimene sindidziwa ndi kusambira. Madzi akangondipitirira m'mawondo ndimayamba kukumbukira machimo anga onse. Zaka zonsezi palibe anandifunsapo, ndipo ine sindinaone chifukwa chodzinenera ndekha. Kodi wotsuka ndege amafunsidwa ngati amatha kuiulutsa?

Mwezi wathawu kunabwera mlendo, bambo ena achikulire a mimba yaulemu, amene abwana amawagwadira chifukwa amabweretsa misonkhano yambiri pa hotelapo. Ali mkati mosambira kumbali yozama anayetsemula, mano awo ochita kuikirira n'kufwamphuka, n'kumira mpaka pansi. Anatuluka atatseka pakamwa ndi thaulo, n'kundikodola. Zimene ananena sindinazimve, poti munthu wopanda mano mawu ake amatuluka osapsa, koma chala chawo chinaloza m'madzi, ndipo ndinawaona manowo akundisekerera ali pansipo. Eni ake anathamangira kuchipinda ndi manyazi.

Ine ndinangotenga ukonde wanga, n'kugona chafufumimba m'mphepete, n'kuwakankha pang'onopang'ono mpaka analowa. Pobwerera, ndikuthamanga ndi chisangalalo, ndinaponda tailosi yoterera ija n'kugwera pa masitepe a kumbali yosazama, pamene ngakhale ana amaima bwinobwino. Ndinamwa madzi okwanira kuphikira tiyi banja lonse, ndipo ndinatuluka chokwawa. Panalibe wondiona. Ndiye ndinakagogoda kuchipinda kwa bambo aja nditanyowa kuyambira kumutu mpaka kuphazi, mano ali m'manja.

Atawabwezera m'malo mwake, mawu oyamba kutuluka anali akuti, "Mwalowa pansi penipeni paja chifukwa cha ine?"

Aphungu, sindinaname. Sindinanene kuti inde. Ndinangomwetulira n'kuyang'ana pansi, monga amachitira munthu woleredwa bwino akayamikiridwa.

Pofika madzulo nkhani inali m'kamwam'kamwa. Bambo aja anauza abwana kuti ndinadumphira kozama osaganiza kawiri. Operekera zakudya anawonjezera kuti ndinakhala pansi pa madzi nthawi yoti munthu n'kumaliza ndudu. Pomafika kwa ochapa zovala, akuti ndinatuluka manowo nditawaluma ndi mano anga. Kuyambira tsiku limenelo dzina langa ndi Katumbu, kanyama kaja kogwira nsomba pansi pa madzi. Sindikubisirani, dzinalo limanditsekemera.

Tsono padziwepo pali mpando wautali wa makwerero, wokhala munthu wopulumutsa osambira akamamira. Amene ankakhalapo tinkamutcha Wouma, chifukwa zaka zonse zimene ndinagwira naye ntchito sindinaonepo kabudula wake wofiira atanyowa. Ntchito yake inali kuimba wenzulo ana akamathamanga, kudzola mafuta ndi kuseweretsa foni. Wouma wapeza ntchito kwina, wapita. Sabata yatha abwana anandiitanira mu ofesi n'kundiuza kuti ndikhale pampando wa alendo muofesimo, chinthu chimene sichinachitikepo.

"A Katumbu," anatero, "ndivutikirenji kulengeza ntchito pamene munthu ndili naye pakhomo pomwe pano? Kuyambira Loweruka la sabata yamawa mpando uja ndi wanu. Malipiro akwera, ukonde uja mupatsira wina."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zoona, koma chimene chinatuluka ndi "Zikomo, bwana." Anandipatsa kabudula wofiira, wenzulo ndi magalasi akuda. Anatinso Loweruka lomwelo ayamba kutsegulira dziwe ana a sukulu, ndipo ana a ife antchito azilowa ulere.

Kunyumba ndinalakwitsa kufika kabudulayo ali m'manja. Mayi akunyumba sanadikire n'komwe kuti ndikhale pansi, anaimbira foni abale awo onse, mpaka ena amene sitilankhulana nawo. Apongozi anga aamuna, amene chikwatirireni mwana wawo amanditchula kuti "wokolopa uja", anabwera okha Lamulungu, n'kundigwira dzanja ndi manja awiri.

"Bambo," anatero, "ife tinkadziwa kuti mwa inu muli kanthu."

Sananditchulepo bambo chiyambire. Ndinazemba n'kupita kuseri kwa nyumba kukapukuta maso, chifukwa ulemu umenewo ndakhala ndikuufuna kwa nthawi yaitali.

Lolemba ndinakwera mpando uja kuti ndingouyesa. Aphungu, pamwamba paja dziko limaoneka bwino. Kamphepo kamakupeza, anzako amakuyang'ana chokweza mutu, ndipo woperekera zakudya wina anandibweretsera madzi ozizira pa thireyi, ine amene ndimamwera pa mpopi wa kuseri. Koma nditayang'ana kumbali yozama, kumene madzi amachita kudera, ndinatsika n'kulunjika ku ofesi kuti ndikaulule. Ndinapeza abwana ali ndi mlendo, ndipo ndisanatsegule pakamwa anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Awa ndi a Katumbu ndimakuuzani aja, ana anu adzakhala m'manja abwino." Mlendoyo anali mphunzitsi wamkulu wa sukulu imene ikubweretsa ana Loweruka. Ndinagwirana naye chanza n'kutuluka.

Musaganize kuti ndangopinda manja. Ndayesa kuphunzira. Ndimaonera mavidiyo pa foni, n'kugona chafufumimba pa benchi, n'kumapalasa mpweya. Mayi akunyumba atandipeza ndinawauza kuti ndi mmene timawongolera msana akatswirife. Ndayesa kumiza nkhope m'beseni, koma sindifika n'komwe poti munthu n'kumaliza kupereka moni. Dzana ndinalawirira kuntchito alendo asanadzuke, n'kulowa kumbali yosazama nditagwira chitsulo cha m'mbali. Nditangosiya chitsulocho miyendo inapita kumwamba, mutu pansi. Anandivuula ndi mlonda wa pageti, pogwiritsa ntchito ukonde wanga womwe.

Mlondayo ndi yekhayo amene akudziwa. Ataseka mpaka kukhala pansi anandilimbitsa mtima.

"Iwe, usapuse," anatero. "Ndani pano anaphunzira ntchito imene akugwira? Abwana omwewa kusukulu anaphunzira zoweta nkhuku. Ine sindinagwirepo wakuba, koma ndikudya za ulonda. Wouma wakhala pampando paja zaka zonsezi osanyowa. Ukwere, uvale magalasi, uziimba wenzulo. Wina akamira udzam'tola ndi ukonde ngati mano aja. Mwayi subwera kawiri."

Ndikamaganiza, mnzangayu sakunama kwenikweni. Ndaona anthu ambiri akulowa ntchito asakuidziwa n'kuiphunzirira momwemo, lero ndi mabwana. Ine ndatha zaka ndikutola masamba ndi achule, ndiye mwayi ukagogoda pakhomo panga ndi pamene ndiyambe kudzionetsa wachilungamo? Ntchitoyi sindinaipemphe, ndipo sindinalembe bodza pena paliponse.

Koma chikundisowetsa mtendere ndi ichi. Ndili ndi mwana wamkazi, wachisamba, wangoyamba kumene sukulu. Wauza kale kalasi yonse kuti adadi ake ndi Katumbu. Dzulo akuyesa chovala chosambirira chimene amayi ake amugulira pamsika, ndinamuuza kuti Loweruka akasewere kumbali ya ana kokha. Anandiyang'ana ngati ndanena zopusa.

"Ine ndikadumphira kozama," anatero. "Anzanga akuopa, koma ndawauza kuti palibe choopa, adadi akakhala pompo."

Aphungu, ndikabweza ntchitoyi ndibwerera ku ukonde, apongozi abwerera ku "wokolopa uja", ndipo hotela yonse idzandiseka mpaka tsiku lopuma ntchito. Mwinanso abwana andichotseratu chifukwa chowapusitsa. Ndikangokhala chete, mwina zaka zidzatha osanyowa ngati Wouma, ndikuphunzira pang'onopang'ono mwakabisira. Kodi ndi tchimo kulandira ntchito imene sukuidziwa ngati uli ndi mtima wofuna kuiphunzira? Loweruka layandikira. Ndithandizeni.

Ndine wanu wogwira njakata,
G.N., wa m'mphepete mwa dziwe

Yankho la Aphungu

A G.N.,

Kapena ndikutcheni a Katumbu, poti mwati limakutsekemerani? Limveni komaliza lero, chifukwa ndikufuna mulitaye.

Ndiyambe ndi kupepesa: ndaseka. Ndaseka pa mano, ndaseka pa benchi, ndipo pamene mlonda anakuvuulani ndi ukonde wanu womwe, tiyi ananditulukira m'mphuno. Kuseka kunatha nditafika pa mwana wanu.

Funso lanu ndi labwino, ndipo yankho lake si "ayi" nthawi zonse. Mlonda wanu walasa theka. Maofesi adzaza ndi anthu amene tsiku loyamba sankadziwa ngakhale kumene kuli chimbudzi. Ine amene mpando uno sindinaupitire kusukulu, anandipatsa chifukwa mu ofesi muno ndinkalowerera nkhani za eni ake kuposa wina aliyense. Munthu akandilembera kuti wapatsidwa ntchito yogulitsa m'sitolo, yolandira alendo, ngakhale ya umanijala, koma akuchita mantha, ndimamuuza kuti alandire, afunse mafunso, avale zilimbe. Ambiri okana ntchito ponena kuti "sindikwanitsa" amakhala akungodziderera.

Koma musanalandire ntchito imene simukuidziwa, dzifunseni kuti mukalakwitsa zidzagwera ndani. Abwana anu a nkhukuwo akalakwitsa, alendo amagona pa zofunda zosasita. Ine ndikalakwitsa, anthu amandilembera zonditukwana, ndipo ena amatukwana mwaluso moti ndimawawerenga kawiri. Inu mukadzalakwitsa, mayi wina adzabwera ndi mwana pa hotelapo n'kubwerera ndi thaulo lokha. Ntchito yanuyi siphunziridwira pa ana a eni.

Zoti Wouma sananyowepo zisakunamizeni. Munthu uja ankalipidwa chifukwa cha tsiku limodzi limene silinafike iye ali pompo, ndipo tsikulo likadali m'njira, tsoka silinunkha. Taganizaninso izi. Pampando paja pakakhala munthu wa kabudula wofiira, makolo amatembenuka n'kuyamba kucheza, aphunzitsi amatulutsa mafoni, chifukwa akuti alipo woyang'anira. Mpando wopanda munthu ndi wabwino kuposa mpando wokhala inu, chifukwa mayi akaona kuti pamwamba palibe munthu, mwana wake samuchotsa diso.

Za ukondezo, mlonda wanu akayese kaye kutola mbuzi yamoyo ndi supuni, akapambana abwere tikambirane. Mano aja anali phee, akukudikirani. Mwana womira kawirikawiri sakuwa ngati m'mafilimu, amangotsika mwakachetechete, mwinanso pakati pa dziwe pamene mpini wanu sufika. Wamkulu womira akagwira munthu samusiya, amatsika naye. Ngakhale mutaphunzira kusambira pofika Loweruka, zimene benchi lanu silingakwanitse, kusambira ndi kupulumutsa munthu ndi maphunziro awiri osiyana.

Mwati simunaname. Bambo, musandiseketsenso. Kumwetulira kuja n'kuyang'ana pansi linali bodza lovala jekete. Pa nkhani ya mano silinapweteke munthu, ndipo ndikanakhala ine mwina ndikanamwetuliranso. Koma "Zikomo, bwana" ija, ndi chanza chimene munapereka kwa mphunzitsi wamkulu, zimenezo mukuyenera kukazibweza.

Ndiye lero lomwe lino, musanagwire ukonde, mukagogode ku ofesi kabudula ndi wenzulo zili m'manja. Mwanena nokha kuti abwana saphonya tsamba lino, choncho pempherani kuti ayambira masamba a mpira, inu muthamange. Nkhani yotere imamveka bwino ikachokera kwa mwini wake. Mukapeza ali ndi mlendo, mudikire pakhomo mpaka atuluke, musakabwererenso ndi mawu m'kamwa. Ndipo musakazungulire. Mukanene kuti mano aja munatola ndi ukonde, kuti kusambira simutha, ndi kuti simungakhale pampando paja ana ali m'madzi. Adzakalipa, mwina adzaseka, mwina zonse ziwiri. Muwasiye amalize. Mtima ukadzakhala pansi adzazindikira kuti mwawapulumutsa ku mlandu wotseketsa hotela, ndipo nawonso ali ndi manyazi awo: ndani amapereka ntchito yotere osanena kuti talowani m'madzi tikuoneni? Sindikulonjezani kuti sangakuchotseni. Zikhoza kuchitika, ndipo zikachitika zidzawawa, koma munthu wodziwa kusamalira dziwe ngati inu sakhala pakhomo nthawi yaitali.

Musakapite ndi kukana kokha. Mukapemphe kuti apeze munthu wophunzitsidwa Loweruka lisanafike, ndipo akalephera ana adikire sabata ina, dziwe silithawa. Mukapemphenso kuti inuyo mukhale womuthandiza, womanga chingwe cholekanitsa kozama ndi kosazama, woletsa ana kuthamanga. Tailosi yoterera ija muwauze aikonze, yakwanitsa ntchito yake. Kenako akutumizeni kukaphunzira, masana, poyera, kwa mphunzitsi wa madzi enieni, kuphatikizapo mmene amathandizira munthu amene wangovuulidwa kumene. Dziwelo mumalidziwa kale, chatsala ndi mantha, ndipo mantha amatha munthu akakhala ndi womugwira dzanja. Mukadzapambana mayeso mpando uja mudzaukwere monyada, ndipo ine ndidzabwera kudzakuomberani m'manja ndili patali ndi madzi, poti nanenso ndimasambira ngati nkhwangwa.

Koma akakakuuzani kuti, "Ingokhalanipo, timangofuna anthu aziona kuti pali munthu," mukane. Muike wenzulo patebulo mwaulemu n'kutuluka. Mlonda wanu akuti mwayi subwera kawiri. Mwayi woti ukauzidwe ndi apolisi kuti khala apo ufotokoze, ngakhale kamodzi komweko ndi kochuluka.

Mayi akunyumba muwauze nokha, asakamvere kwa ochapa zovala. Adzakwiya chifukwa cha mafoni aja, ndipo ali ndi chifukwa, musawayankhe. Za apongozi ndikumvetsa, ndipo sindikuchepetsa: munthu kudikira zaka kuti atchulidwe bambo si nkhani yaing'ono. Koma ulemu umene anabwera nawo Lamulungu anapatsa kabudula, inu munangoima pafupi. Akabwerera ku "wokolopa uja" muzingovomera, dzina silimiza munthu.

Chenjezo langa ndi ili, ndipo ili lokha musalizengereze. Mukhoza kubweza kabudula, abwana n'kupeza katswiri, zonse pa hotela n'kulongosoka, koma mwana wanu n'kukhalabe pangozi. Iyeyo alibe nazo ntchito za mpando ndi wenzulo, akudalira inuyo. Malinga akudziwa kuti adadi ake ndi Katumbu, adzadumphira madzi aliwonse, kaya dziwe kaya mtsinje, bola inu muli pafupi, ndipo adzakoka ndi anzake omwe. Ndiye dzuwa lisalowe musanamukhazike pamiyendo n'kumuuza ndi pakamwa panu kuti, "Adadi sadziwa kusambira, ukalowa kozama sindingathe kukutulutsa." Nkhope yake idzagwa, mwina adzalira poganiza za anzake a m'kalasi, ndipo pa manyazi onse amene mukuwaopa, awa ndiwo adzakupwetekeni kwambiri. Apirireni, bambo. Mwana wokhumudwa ndi bambo ake amadzuka m'mawa n'kupita kusukulu.